Bondo la Mwamuna Wanga Litakana Kuwongoka

Abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine Amake Taonga. Ambiri mumandiona ku msika, pamene ndimakazinga vitumbuwa pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Lusaka. Ba Mwanza, amene amatisonkhanitsa pano ife a mabanja a asilikali ovulala, anandipempha kalekale kuti ndikambe, ine n'kumakana. Koma lero ndaona alongo atsopano akhala kumbuyoko, ndipo mtima wandiuza kuti mwina chimene ndinachita ine wina akuchita panopa, akuganiza kuti ndi chikondi.

Mwamuna wanga, atate ake Taonga, anali kopolo, woyendetsa galimoto za usilikali. Anapita kunja kwa dziko ku ntchito yosungitsa mtendere ine ndili ndi pakati. Galimoto yake inaponda bomba lokwiriridwa mumsewu. Anabwera pa ndeke ali chigonere, mwendo wakumanzere utadulidwa m'munsi mwa bondo. Mwana wake anamuona koyamba ali pabedi la m'chipatala.

Bala litapola, ntchito inatha. Tinatuluka m'nyumba ya ku kampu n'kubwera kuno ku Kafue, m'kanyumba kamene apongozi anga anasiya kuseri kwa njanji. Potitulutsa m'chipatala anatiuza kuti bondo lizikhala lowongoka, tizikulunga bandeji, ndipo tizibwera kudzaonetsa mpaka nthawi yomuyeza mwendo wopanga itakwana. Ndinavomera ndi mutu, koma m'mutumo munali mutadzaza mantha, ndipo mawuwo sanapeze pokhala.

Amene anakhazikika ndi mawu a alangizi. Ndisanalowe m'banja amayi akuluakulu anandikhazika pamphasa n'kundiuza zinthu ziwiri zimene ndinazisunga ngati malemba. Anati mwamuna ndi mwana wako woyamba, umusamale ngati khanda. Anatinso za m'nyumba sizituluka pakhomo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma maphunziro awa ndinakhoza, mwina kupitirira pamene iwo ankafuna.

Ndiye ndinamusandutsa khanda. Ndinkamusambitsa, kumuveka, kumutengera nshima pampando. Akati atambasule dzanja, ine ndafika kale ndi chimene akufuna. Ndodo zake zoyendera ndinaziika pamwamba pa kabati poopa kuti angagwe. Akawongola bondo ankabuula, choncho ndinapinda pilo n'kuika pansi pa bondolo. Anapuma mpweya wautali n'kuti, "Apa manje namvelako bwino." Kuyambira pamenepo pilo sanachoke. Akagona, pilo pansi pa bondo. Akadzuka, pampando bondo lili chipindire, makatani otseka mpaka dzuwa kulowa.

Tsiku lina masana ndikusenda mbatata anandiitana.

"Amake Taonga, nikandeniko ku chala chachikulu, chiniyabwa."

Ndinagwada n'kugwira phazi lakumanja.

"Osati uko. Kumanzere."

Ndinayang'ana pamene buluku linali lopindidwa n'kumangidwa ndi chipini. Panalibe phazi. Iye ankaloza m'malere, nkhope ili yolimba, sankaseka ayi. Ndinati mutu wayamba kusokonekera, kapena pali chinthu chimene chinamutsatira kuchokera ku dziko lija. Ndinati anthu akamva adzamutengera ku chipatala cha amisala ndipo sindidzamuonanso. Ndinatseka pakamwa.

Kuyabwa kuja kunasanduka moto. Ankati phazi limene kulibe likupsa, n'kumamenya mpando ndi chibakera. Sitima ikagunditsa mabogi ku siteshoni, ankadziponya pansi atagwira mutu, Taonga n'kuthawira kuseri kwa chitseko. Makoma a kwathu ndi opyapyala. Mayi wina woyandikana nafe, amene amatcheza kachasu, anandiimitsa pa mpopi.

"Mwandini, ba soja banu timabamva. Bapaseniko kang'ono chabe, bazagona monga mwana."

Ndinali wa kwaya ine, mowa ndinali ndisanaulawepo. Koma ndinatenga kabotolo n'kukabisa m'chitenge. Anamwa, anagona, m'nyumba munakhala bata. Ndinayamika Mulungu, ndikunena zoona, ndinayamika Mulungu chifukwa cha kachasu.

Zinazo zinathamanga. Kabotolo kanakula. Anayamba kufunsa dzuwa lisanakwere. Ndikamachotsa kapu, madontho otsala pansi ndinkawameza kuti mtima usiye kugunda. Kenako ndinayamba kudzithirira yanga kuseri kwa nyumba. Vitumbuwa ndinasiya. Kwaya ndinasiya. Amayi a ku tchalitchi akabwera ndinkawachingamira pakhomo n'kunena kuti agona, ali bwino, zikomo pobwera. Tsiku lopita kuchipatala likafika ndinkanunkhiza malaya ake n'kunena kuti tipita ulendo wina. Ulendo winawo sunkafika. Mwana wanga ankagona ndi mapazi osasamba, ndipo ine sindinkaona.

Amene anathyola chitseko chimenecho ndi Ba Mwanza. Kwa amene simuwadziwa bwino, anali sajeni, anataya diso ndi zala ziwiri ku ntchito yomweyo kale ife tisanakwatirane. Anamva kwa anzawo kuti kopolo wawo wakale ali mu Kafue ndipo saoneka. Anafika m'mawa wina, ndipo ndisanamalize kunena kuti agona, anali atalowa kale n'kukoka makatani.

"Kopolo! Namvela uli mu hotela, bakudyesa na sipuni. Mwendo wako watsopano uli kuti?"

"Nikali kuyembekeza, ba sajeni."

"Uyembekeza kuti uzabwela weka pa minibasi? Mawa tiyenda ku Lusaka. Amai, mumusambike uyu, anunkha monga shabini."

Ndinafuna kulowa pansi. M'mawa mwake tinasiya Taonga kwa akazi a Ba Mwanza, ndipo tisananyamuke ndinameza kachasu pang'ono kuti miyendo indinyamule.

Ku chipatala anatilowetsa kwa mayi wa mafizo, amene amaphunzitsa anthu kuyendanso. Anali wamfupi, wosazungulira polankhula. Anamugoneka chagada pabedi lolimba.

"Wongolani bondo, ba soja."

Anayesa. Misempha ya pakhosi inatuluka, thukuta linayamba pamphumi. Bondo linatsala m'mwamba ngati kachulu. Mayiyo analowetsa mkono wake pansi pa bondolo, mkono n'kutulukira mbali ina osakhudza kanthu. Anakanikiza pang'ono kuchokera pamwamba. Mwamuna wanga anakuwa.

"Ili bondo layamba kuumila mopinda," anatero. "Likapitiliza, mwendo wopanga siuzagwila. Muzankhala pa mpando moyo wanu wonse. Nifuna kuziba, kunyumba mugona bwanji, munkhala bwanji?"

"Vonse vili bwino, sista," anayankha mwamuna wanga.

"Sinifunsa imwe. Amai, ndimwe mubasamala. Niuzeni."

Mwamuna wanga anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Amayi a m'nyumba mukudziwa diso limenelo, loti usandichititse manyazi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu anga a masiku onse, akuti ali bwino. Anali atafika kale pa lilime. Koma maso anga anali pa mpata uja wa pansi pa bondo. Ndinauyang'ana, n'kuuyang'ananso. Ndinaudziwa. Unali ndendende kukula kwa pilo wanga ndikamupinda pawiri. Bomba linatenga phazi, koma bondolo ndinaliumba ndi manja anga, tsiku ndi tsiku, uku ndikumufunsa ngati akumva bwino.

Ndinkamva wina akukoka chitsulo m'khonde. Ndinamva mawu akutuluka, aang'ono ngati si anga.

"Ndine."

"Ndimwe bwanji?"

Ndinanena za pilo. Ndinanena za ndodo za pamwamba pa kabati. Ndinanena za phazi limene limapsa pamene kulibe phazi, ndi za kudziponya pansi sitima ikagunda. Ndinanena za kachasu, kuti ndinagula ndine, ndiponso kuti nanenso ndimamwa, ngakhale m'mawa womwewo. Nditayamba sindinathe kuima. Mwamuna wanga anatembenukira kukhoma.

Ndinkayembekeza kuti mayi uja andikalipira. Anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Nanga munachitila chani vonse ivi?"

"Ananiphunzisa kuti mwamuna ni mwana."

"Chabwino. Manje mwana amene mumubereka kumsana masiku onse, azayenda liti?"

Kenako anatiuza kuti kumva phazi limene linadulidwa si misala, si ufiti, ambiri odulidwa amamva choncho ndipo mankhwala ake alipo. Ba Mwanza anakweza dzanja lawo lopunguka.

"Zala zanga zinasala ku nkhondo, koma mu Juni zimvela mphepo mpaka lelo. Unganifunse chabe, Kopolo, osati kunkhala mu mdima monga kadzidzi."

Ndinafunsa mayiyo ngati bondo lingawongoke. Anati salonjeza. Anati tachedwa, koma mwina sitinachedwetse, zidalira zimene tikachite kunyumba.

M'minibasi mwamuna wanga sanandilankhule. Ndinkayang'ana minda ya ku Shimabala ikudutsa, ndikuganiza kuti tikafika andiuza kuti ndilongedze. Ba Mwanza atatisiya, iye anakhala pampando wake uja, ine n'kugwada pafupi ndi chitseko.

"Mwanivula pa banthu," anatero.

"Pepani."

Kenako anandifunsa.

"Munakamba kuti na imwe mumwa?"

"Inde."

"Imwe? Ba kwaya?"

Ndinagwedeza mutu. Anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Chibwerere ku nkhondo ndinali ndisanamuone akulira.

"Ine nenze kuganiza kuti niziononga nekha," anatero.

Atapukuta nkhope analoza pa kabati. "Tsitsani ndodo zanga."

Ndinatsitsa, zili fumbi lokhalokha. Anaimirira movutika, n'kutuluka panja masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pa mpopi, kupita kuchimbudzi yekha. Ndinaima pakhomo ndikumudikira. Anachedwa kwambiri. Koma anabwera yekha.

Musaganize kuti kuchokera pamenepo zinayenda myaa. Masiku oyamba osamwa anayamba kunjenjemera, kusanza, thukuta kunyowetsa nsalu, mpaka ndinathamangira ku kiliniki. Anatiuza kuti munthu amene wamwa kwambiri akasiya mwadzidzidzi thupi limatha kuchita zoopsa, tinayenera kubwera poyamba. Ndiye amene mukufuna kusiya, yambani mwapita kukaonana nawo, musachite monga ife.

Pilo ndinamuchotsa. Mayi wa mafizo anati azigona chafufumimba kangapo pa tsiku kuti bondo lizikokeka, ndipo pampando tiike thabwa loti mwendo uzikhala chiwongolere. Ba Mwanza anabweretsa thabwa la bedi lakale. Ululu wake unali woti ankaluma nsalu. Nthawi zina ankati, "Amake Taonga, pilo chabe, pang'ono chabe." Pamenepo ndinkatuluka kukatsuka mbale zotsuka kale, misozi ikugwera m'beseni. Kumukana kunandipweteka kuposa kumunyamula. Bandeji anaphunzira kukulunga yekha. Kusamba, ndinkangoika madzi ndi kampando n'kutseka chitseko, ine n'kuima kunja khutu lili pa thabwa.

Za ine, ndinapita kwa akazi a abusa n'kuwauza zonse. Ndinasintha mpopi wotungako madzi kuti ndisamadutse pakhomo pa mayi wa kachasu, ngakhale winawo uli kutali. Mpaka lero mantha akandigwira, pakhosi pamauma n'kukumbuka kapu ija. Ndikatero ndimauza munthu nthawi yomweyo, sindidikira kuti chikule.

Mwamuna wanga anagwanso m'mowa kamodzi. Anamva kuti mnzake amene anali naye m'galimoto ija wamwalira, ndipo ine ndili ku msika anadzikoka pa ndodo mpaka kukagula kachasu yekha. Ndinamupeza ali pansi, bondo lili chipindire. Kale ndikanatseka makatani. Tsiku limenelo ndinapita kukaitana Ba Mwanza, ndikuopa njira yonse kuti mwamuna wanga adzandida. Ba Mwanza anakhala naye mpaka mowa unamuchoka, ndipo anakamba za mnzawoyo, zinthu zimene ine sindingazimvetse chifukwa sindinaliko. Ndinaphunzira kuti pali katundu wina amene mkazi sangasenze, afunika amene anaona zomwezo. Ndiye chiyambi chake chobwera ku msonkhano uno.

Vitumbuwa ndinayambanso. M'mawa iye ankakanda ufa ali pampando, mwendo uli pa thabwa, chitseko chili chotsegula. Anyamata a pa siteshoni anamva n'kuyamba kumutcha Kopolo wa vitumbuwa. Ndinaopa kuti adzatsekanso chitseko. Koma wina atamukuwira choncho anayankha, "Iwe, idya ulipile, apa si pa kampu." Anaseka onse, iyenso anaseka.

Ulendo uliwonse wa kuchipatala mayi wa mafizo uja ankachita chimodzimodzi, kulowetsa dzanja pansi pa bondo. Poyamba unkalowa mkono wonse. Kenako chikhatho. Panali nthawi imene sipanasinthe kanthu, ndipo ndinabwerera ndikulira m'minibasi, ndikuti ndamulemaza mpaka kalekale. Tsiku lina analowetsa zala, zala n'kukakamira. Anayesanso. Anandiyang'ana.

"Silinawongoke lonse, koma apa tingagwile nchito. Ba soja, tiyeni tikakupimeni."

Mwendo anaulandira. Sunali wophweka ayi, unamutupitsa matuza, anauvula, anauvalanso, anaphunzira kuponda ngati mwana. Kenako Ba Mwanza anamva kuti pa famu ina ku Shimabala akufuna munthu woyang'anira alonda a pa geti, ndipo a pa famupo anamutenga mwamuna wanga.

Alongo anga a kumbuyoko, sindidziwa zimene zili m'nyumba zanu. Alangizi sanalakwe kutiphunzitsa ulemu, koma matenda si chinsinsi cha banja. Ngati pali chimene mukubisa, kaya botolo, kaya kukuwa, kaya tsiku la kuchipatala limene mwadumpha, uzani munthu mmodzi lero. Ngati mukuopa kuyamba ndi akuluakulu, yambani ndi ine tikatuluka.

Mantha anga sanathe, ndisakunamizeni. Tsiku lake loyamba kupita ku ntchito kunali kutagwa mvula. Anakana kuti ndimuperekeze. Atangokhota pa ngodya ndinatseka nyumba n'kumutsatira chapatali, ndikubisala kuseri kwa mipanda. Pafupi ndi podutsira njanji pali ngalande, ndipo matope ake ndi oterera ngati therere. Ndinaona akuponda, mwendo n'kutsetsereka, iye n'kugwa chammbali, chikwama uko. Mapazi anga ananyamuka okha. Ndinagwira mtengo wa magetsi ndi manja onse awiri n'kuukakamira.

Anakhala pansi pang'ono. Anagwada ndi bondo lija, n'kutsamira dzanja pa mwala, n'kudzuka. Anatola chikwama, n'kupukuta matope pa buluku. Ndiye, osatembenuka n'komwe, anakweza mawu.

"Amake Taonga, nakuonani kudala. Bwelelani, mafuta yazapsa pa mbaula."

Ndinasiya mtengo uja n'kubwerera, ndipo sindinacheuke mpaka ndinamva minibasi ikunyamuka.

Anga ndi omwewo. Ambuye akugwireni dzanja, inu ndi a m'nyumba zanu. Ameni.